Dzina la Khuki

Lolemba, 3 Malichi
Mvula. Kuno ku Springburn, kudziko la azungu, imeneyo si nkhani. Vera, mdzukulu wanga wa ku yunivesite uja, wabwera ndi chipepala chachikulu, wajambulapo mtengo wa banja lathu. Pansonga walemba Edward Pilling, mzungu wa ku Mangalande, amene anafika ku Thyolo mu 1921 kudzalima tiyi. Pansi pake bambo anga, kenako ine. Akuti, "Agogo, si paja munati anali agogo anu?" Ndinaterodi. Zaka zonsezi ndakhala ndikutero, uku ndikuloza mphuno yangayi. Lero ndailozanso.

Lachinayi, 6 Malichi
Zoona zake, poti kope silikaulula kwa munthu: agogo anga anali khuki wa Pilling. Kalaliki wa msonkho anawalemba dzina la bwana wawo, basi dzinalo n'kutikanirira mpaka lero. Bodzali ndinaliyamba ndili Sitandade 4, kuti anyamata azindiopa. Anandimenyabe.

Lamulungu, 9 Malichi
Kutchalitchi. Anzanga a Goodwill andipatsa moni wa "Bwana Pilling", ine n'kugwedeza mutu ngati DC. Kunyumba ndapeza nkhani yakula. Vera wapeza zidzukulu za mzunguyo pa intaneti, ndipo amuitana Loweruka akamwe tiyi ndi "achibale". Tikiti ya sitima wagula kale. Nelia, mayi wake, wangondiyang'ana. Uyu amadziwa. Mawu ake: "Bambo, mwanayu akachita manyazi pakhomo pa eni. Mumuuza ndinu, osati ine."

Lachitatu, 12 Malichi
Ndayesa kawiri. Koyamba ndathera kumutuma Vera kuti akafunse ngati Pilling anatisiyirako nyumba. Waseka. Kachiwiri ndangotsokomola, wandipatsa madzi. Bondo likuwawa. Diresi yopita nayo waisita kale, ili pachitseko.

Lachisanu, 14 Malichi
Azungu aja atumiza chithunzi chakale pa foni, kumaso ndi kumbuyo komwe. Pilling pampando, galu pamapazi pake. Chakumbali munthu wa epuloni, wopanda nsapato, makutu otambalala ngati angawa. Agogo. Ndinawaona komaliza ndisanayambe sukulu. Kumbuyo kwa chithunzi analemba dzina la bwana ndi la galu. Pa agogo anangoti khuki.

Ndaika chala pa epuloniyo, ndamuuza Vera zonse. Sanakalipe. Wangofufuta mzungu pansonga pa chipepala chija. Akuti sitima akwerabe, akawauza yekha azunguwo zoona, ndipo akapempha chithunzi chenichenicho. Atatero wagwira cholembera: "Ndiye dzina lawo lenileni anali ndani?"

Ndatsegula pakamwa. Nthabwala sinabwere, dzina silinabwere. Amene ankalidziwa ndi achemwali anga, tinawaika mu 2019.

Galuyo anali Jack.