Amene Amandiwerengera Kanema

Mwana wanga wokondedwa,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wako, wa amuna ako ndi wa adzukulu anga awiriwo. Kodi chifuwa cha wamng'onoyo chinatha? Kuno ndili bwino, bondo lokha ndilo limandikumbutsa zaka. Akundilembera ndi mayi oyang'anira laibulale, ndipo ndawauza kuti alembe monga ndikunenera, osakometsera.

Uthenga wako ndinaumva, woti chipinda mwakonza kale ndipo ndisamukire kwanuko mvula isanayambe. Wati umada nkhawa kuti madzulo ndimangokhala ndekha n'kumayang'ana mpando wa malemu amayi ako. Zinalidi choncho. Koma tamvera kaye.

Kutentha kutayamba, a laibulale anandiitana kuti ndikakonze mabenchi awo ogwedera. Ndinawakhoma bwino, dzanja la bambo ako pa thabwa ukulidziwa. Kumeneko ndinapeza kuti Lachisanu lililonse dzuwa likapendeka amatulutsa mabenchiwo kuseri, pansi pa mtengo. Wina amawerenga buku mokweza, ena n'kumatsutsana za zimene amva, ndipo kukachita kamdima amapachika nsalu yoyera pakhoma n'kuonetsa kanema. Palibe phokoso, palibe mowa. Aliyense amabwera ndi botolo lake la madzi ndi kakatoni kodzikupizira. Ndinati ndikhale pang'ono ndione ngati mabenchi anga akupirira. Mpaka lero ndikuonabe.

Vuto linali lakuti anthu a m'makanemawo amalankhula zinenero zakutali, ndipo tanthauzo amalilemba m'munsi. Iwe ukudziwa kuti sukulu ndinangoinunkhiza. Ndinkangogwedeza mutu ena akagwedeza.

Pambali panga pankakhala mayi wina wamasiye, amene onse amangowatchula kuti a Telala chifukwa akhala akusoka zovala moyo wawo wonse. Anandizindikira msanga. Sanandifunse kanthu, anangosendera pafupi n'kuyamba kundinong'oneza zimene anthu a pansaluwo akunena. Inenso ndinayamba kuwanyamulira kampando kawo kotsamira, popeza benchi limawapweteka msana, n'kumawaperekeza mpaka pageti pawo.

Sabata yatha kanema atatha, a laibulale anafunsa ngati pali wofuna kunena maganizo ake. Ndinaimirira, jekete nditamanga mabatani onse. Ndinati bambo wa m'kanemayo anachita bwino kukwera sitima kukapepesa mkazi wake, chifukwa mwamuna wosadziwa kupepesa ali ngati khasu lopanda mpini. Kenaka mphunzitsi wina wopuma ntchito anaseka mpaka kutsokomola. Anati bamboyo analibe mkazi n'komwe, ankathawa ataba wotchi, ndipo mayi wolira pasiteshoni uja ndiye anaberedwa. Anandifunsanso ngati ndimaonera nsalu yangayanga kuseri kwa mtengo.

Mwana wanga, ndinalakalaka nthaka itang'ambika. Pobwerera ndinanyamula kampandoko monga mwa nthawi zonse.

Titafika pageti, a Telala anaulula kuti maso awo achita ng'ala, ndipo zilembozo anasiya kuziona chaka chatha. Ankangoyang'ana mmene anthuwo akuyendera n'kumalumikiza nkhani yawoyawo, ngati mmene amalumikizira zigamba. Anati ankaopa kuti ndikadziwa ndisamuka, ndikakhala pafupi ndi aphunzitsi aja amene amawerenga zoona.

Ndinaika kampando pansi n'kuwauza kuti, "Amayi, wakuba wotchiyo ndilibe naye ntchito. Ine ndimabwerera wopepesa uja."

Ndiye pempho langa ndi ili. Chipindacho umupatse mdzukulu wanga wamkuluyo aziwerengeramo. Ine sindibwera kudzakhala. Ndidzabwera kudzacheza, ndipo ndikufuna undilole ndisadzabwere ndekha. Mwezi wamawa ndiwaperekeza a Telala kuchipatala cha maso, adokotala ati ng'ala imachotsedwa. Akachira ndikufuna ndikalankhule ndi abale awo monga munthu wamkulu.

Amayi ako sindinawaiwale. Mpando wawo uli pomwe unausiya, ndipo ndimaupukuta m'mawa uliwonse. Koma sindiponda sitepe iwe usanandilole. Ukakana ndidzamva, ngakhale zidzandiwawa. Chonde undiyankhe mvula isanagwe, chifukwa ikayamba mabenchi amalowa m'nyumba, makanema amaima, ndipo ine ndidzasowa chifukwa chonyamulira kampando kaja.

Alembi anga akumwetulira apa, koma ndawauza kuti asalembe zimenezo. Ndikuona alemba ndithu.

Undiperekere moni kwa amuna ako ndi kwa azakhali ako, koma azakhaliwo usawauze kanthu kaye, ukudziwa pakamwa pawo. Ana uwauze kuti agogo awo masiku ano amatsutsana ndi aphunzitsi pagulu. Mulungu akusungeni nonse, akupatseni tulo tabwino m'kutentha kuno.

A Telala ndawauza kale kuti maso akatseguka, zoona aziwerengera ena. Kwa ine apitirize kusoka.

Ndine bambo ako.