Nsungwi M'chipinda cha Alendo

Lolemba, 4 Ogasiti

Sizoni inatha, koma m'nyumba muno basiketibolo ilibe tchuthi. Timu yathu ili pa msika, kugula ndi kugulitsa anthu ngati matimati. Lero agulitsa Kamphepo, kamnyamata kothamanga kaja. Ine ndakondwa. Liwiro lokhalokha, kupatsira anzake mpira ayi. Ayende bwino.

M'malo mwake atenga woponyera patali wa timu ija inatikwapula chaka chatha. Dzanja lake ndi labwino, ndinadzionera ndekha. Koma kutchinga, kalanga ine. Amangoima ngati akudikira basi.

Amuna anga, amene ochemerera amawatcha Chipilala, ali phee pa sofa, ayezi pa mabondo onse awiri. Zaka zonsezi pansi pa dengu pakhala pawo. Kontirakiti yatha. Kochi sanaimbe.

Lachinayi, 7 Ogasiti

Kochi waimba. Osati za kontirakiti. Akuti asayina mnyamata wamtali wochokera kutali, wosewera pansi pa dengu. Pamalo penipeni pa amuna anga.

Ndiye pali chizolowezi cha timu chija: wosewera watsopano amafikira kunyumba ya wosewera wamkulu pa onse mpaka atazolowera. Ifenso tinafikira kwa ena kalelo, tili ndi sutikesi imodzi. Nthawi imeneyo ndinkati n'chizolowezi chokoma. Wamkulu pa onse tsopano ndi ife.

Ndiye kuti ndiziphikira munthu wodzalanda malo a amuna anga. Eni ake anangoti, "Konzani chipinda cha alendo, mayi," ngati akubwera ndi abusa. Mapoto andidziwa lero.

Loweruka, 9 Ogasiti

Wafika. Chitseko chakutsogolo, mutu gu! pamwamba. Mwana wanga wamkazi anamuyang'ana kuyambira kumapazi mpaka khosi linamupweteka, n'kunena kuti, "Amayi, imeneyi ndi nsungwi." Dzina lakhala lomwelo.

Nsapato zake pakhomo, mwana akhoza kusambiramo. Anandipatsa moni ndi manja awiri, "Alamu, zikomo pondilandira," atawerama, koma kuweramako n'kukhalabe wamtali kuposa ine.

Ndinalumbira kuti sindimusekerera. Ndinalimba mpaka atagunda mutu kachiwiri, pakhomo la kubafa.

Lachiwiri, 12 Ogasiti

Amadya. Ambuye, amadya. Buledi wa mawa watha lero. Mazira ndikuwabisa kuseri kwa mapoto, koma munthu woona pamwamba pa kabati osanyanyamphira ungamubisire chiyani? Bedi lamufupikira, taika mpando kumiyendo kuti mapazi azigonapo.

Ku saluni kwanga nkhani ndi timu basi. Kasitomala wina, mayi wa mawu ambiri, akuti chaka chino chikho n'chathu, bola "agogo aja a Chipilala apume, mabondo anatha." Sankadziwa kuti mutu wake uli m'manja mwa ndani. Ndamuluka bwinobwino. Mothina. Nsidze zafika pafupi ndi tsitsi.

Zoona zake, kugula kwa chaka chino si koipa. Tinkasowa woponyera patali, wapezeka. Wogawa mpira wathu wakula nzeru, wasiya zija zoponya osayang'ana. Pa benchi pokha ndi powonda: wina akavulala, tathera pomwepo. Za pansi pa dengu sindilemba. Pali munthu kale.

Lamulungu, 17 Ogasiti

Ndinapita kukaonera akukonzekera. Ndinati ndikuperekeza mwana, koma ndinapitira kukaona adani.

Nsungwi amadumpha, zimenezo sindingakane. Mpira akuuchotsa m'mwamba ngati akuthyola papaya. Koma ndi wopepuka! Kungomukhudza ndi phewa, wapita uko. A Chipilala anamuchita kachinyengo kawo kaja kangapo konse: kumutsamira ndi msana, kuponda mwamphamvu ngati akupita kumanja, n'kutembenukira kumanzere, mpira m'dengu. Mnyamata n'kutsala akukumbatira mphepo. Ndinakondwa, chimwemwe chauchimo ndithu, tsiku lake la Mulungu lomweli.

Kochi amangoluma wezulo. Nkhope yake siwerengeka.

Potuluka, masitepe a paholo aja. Amuna anga anatsika atagwira khoma, phazi limodzi, kenako linzake pomwepo. Ndinayang'ana kumbali.

Lachitatu, 20 Ogasiti

Ndakwiya. Ndalemba kuti ndisaswe mbale.

Ndikubwera ku ntchito ndapeza tebulo lakankhidwira kukhoma, babu la pabalaza lasweka, mwana ali pa sofa akuwomba m'manja. Pakati pa nyumba amuna awiri akuluakulu akukankhana ndi misana, pilo m'malo mwa mpira. Amuna anga akumuphunzitsa Nsungwi kachinyengo kaja! Kokhako kamene katsala kowasiyanitsa ndi mnyamatayu. Mpaka kumugwira m'chiuno, kumuonetsa poika phazi.

Ndinawakokera kukhitchini. Ndinati mukudzikumbira nokha, bambo. Iwo kuseka. "Nanga ndikasunge kuti, mayi? M'mabondomu munadzaza kale."

Sindinaseke. Chakudya chamadzulo aliyense dzira limodzi.

Lachinayi, 28 Ogasiti

Sabata yatha osalemba. Mkwiyo umatopetsa, makamaka ngati wokwiyiridwayo akukupachikira makatani osakwera pampando. Akangaude onse akudenga asamuka. Mwana akupita ku sukulu ali pamapewa pa Nsungwi, akuti akuona madenga a magalimoto.

Dzulo ndikutsuka mbale anabwera n'kuima pakhomo, mutu atapendeketsa. Waphunzira tsopano. "Alamu, ndinakulakwirani chiyani?" Ndinati palibe. Anati ali mwana ankagona pansi pa chithunzi cha a Chipilala, amene amawatcha achimwene, chodula m'nyuzipepala, ndipo tsiku loyamba lija anagunda mutu chifukwa maso anali pa iwo, osati pachitseko.

Bodza kapena zoona, kaya. Ndinamuikira mazira atatu.

Vuto ndi lakuti ndikufuna timu ipambane, ndikufunanso amuna anga asewere. Kale zinali chinthu chimodzi.

Timu yatenganso wotchinga wachikulire amene anatayidwa kwina. Pa wailesi akumuseka. Ine ndikuti ameneyo ndiye wogula wanzeru: aziyenda kumbuyo kwa wodikira basi uja, kutseka mabowo.

Loweruka, 30 Ogasiti

Kochi walengeza. Kontirakiti ilipo, chaka chimodzi. Koma asanu oyamba mulibe Chipilala. Muli Nsungwi. Amuna anga pa benchi, azilowa kumapeto zinthu zikavuta.

Abwera akuimba mluzu, atanyamula zipatso. Ine ndinathokoza, ndinalowa kubafa, ndinatsegula mpopi, ndinalira pang'ono. Zaka zonsezi dzina lawo limatchulidwa pomaliza, holo yonse n'kugwedezeka. Tsopano aziomba m'manja ndi thaulo pakhosi.

Nsungwi sanatuluke m'chipinda. Amuna anga anakamugogodera. Ndinamva akuti, "Tuluka iwe, wapambana mayeso ukubisala ngati wakuba nkhuku." Anatuluka maso ali pansi. Maso ake akakhala pansi ndiye amakumana ndi anga. Ndinamuuza kuti adye, wawonda ngati ndodo ya mopu, akatichititsa manyazi.

Maganizo anga pa sizoni ino, ndisadzakane: tikalowa m'matimu anayi apamwamba. Chikho, pokhapokha woponya uja ataphunzira kukweza manja, ndipo wina asavulale. Loweruka likudzali masewero opimana mphamvu ndi otikwapula aja. Ndipita, koma ndikakhala manja atapindidwa. Ndikachemerera pokhapokha amuna anga akalowa.

Loweruka, 6 Seputembala

Mawu andithera. Ndikulemba chifukwa kuyankhula sindingathe.

Poyamba zinali zoipa. Chimunthu chawo cha pansi pa dengu, chija cha khosi ngati ntchafu, chimamukankha Nsungwi ngati chitseko cha sitolo. Ine manja opinda, mtima ukuti mwaona, mwaona. Kutsogolo kwanga kunakhala mayi uja ndinamuluka mothina. Akuti tagula ndodo yothyolera mango.

Ndiye titabwera kopuma, mpira kwa Nsungwi. Msana pa chimunthu chija. Phazi pansi, mwamphamvu, ngati akupita kumanja. Ndinadziwa. Thupi langa linadziwa ine ndisanadziwe. Kumanzere, mpira m'dengu, chimunthu chikukumbatira mphepo!

Sindikukumbuka kuimirira. Ndinangodzimva ndikukuwa, "Ameneyo amagona kwathu! Mazira anga amenewo!" Anthu a mzere wonse anatembenuka. Mwana anabisa nkhope m'chikwama changa. Pa benchi amuna anga anali atagwa chagada ndi kuseka, akundiloza ndi thaulo.

Iwo analowa kumapeto, tili kumbuyo pang'ono. Miyendo yopuma. Sindinawaone akudumpha choncho kuyambira mwanayu ali kumsana. Kochi anawasiya onse awiri m'bwalo, chipilala ndi nsungwi, ndipo pansi pa dengu panatsekedwa ngati sitolo ya munthu wopita kumaliro. Tapambana. Ndi masewero opimana chabe, ndikudziwa. Koma tapambana.

Ngakhale wodikira basi anakweza dzanja kamodzi. Ndikweze zomwe ndinalosera zija? Ayi, ndisapupulume.

Lamulungu, 7 Seputembala

Nsungwi wasamuka m'mawa uno, timu yamupezera nyumba yake. Chikwama chimodzi ndi nsapato zija. Potsanzika anandigwira dzanja nthawi yaitali. Ndinamuuza kuti adzaweramire zitseko za eni ake.

M'nyumba muli zii. Buledi alipo wathunthu. Mpando uja ukadali kumiyendo kwa bedi, sindinauchotse.

Koma chimene ndatsegulira bukuli ndi ichi. Tsiku lotsatira masewero amuna anga sadzuka. Ndi ayezi, mafuta opaka, kubuula, ine kuwaveka masokosi. Zaka ndi zaka, mpaka ndinayamba kuona ngati ndi mmene Lamulungu limakhalira. Lero ndili pazenera ndawaona akutsika masitepe apanja kupita kogula nyuzipepala. Osagwira khoma. Mwana ali pamapewa, akudandaula kuti pano m'pafupi, madenga sakuoneka.

Ndinaima pomwepo ndi kapu m'manja mpaka tiyi anazizira. Mwezi wonse ndimalondera malo awo, mabondo awo osawaona.

Wina wagunda mutu pachitseko chakutsogolo. Akuti waiwala chaja ya foni. Chaja, nthawi ya nkhomaliro? Ndikaone ngati mazira alipo.