Makutu a Chakufwa

Lolemba, 4 Juni 1979

Ayi Dora, sindinabe. Buku la a Stephano ndinangobwereka iwo ali kuntchito. Mlongo wangayu akuti wothawa sukulu Sitandade 6 angamvemo chiyani? Ndamva zambiri! A Stephano ndi apolisi a ku Dedza amene akuchita lendi kuseri kwathu, akuwerengera mayeso okwezedwa. Mutu wake: chimene chimapangitsa munthu kukhala wakuba. Tsamba loyamba, mzungu wina wa ku Italiya akuti mbava imachita kubadwa. Makutu aakulu, mikono yaitali, chibwano chotulukira. Zithunzi zilipo. Ndalekera pomwepo, kwinako Chizungu chalimba.

Lachitatu, 6 Juni

Lero pa Mlare ndaseketsa anthu mpaka misozi. Aliyense ataonetsa khadi la chipani pakhomo la msika, ine mkati ndatsegula ofesi yanga. Ulusi wa thumba m'manja, kuyeza makutu. Mayi wa usipa, wapasa. Telala, wapasa pang'ono. Kenako Chakufwa, mnzanga wa ku chigayo cha mpunga, makutu ngati mapiko a mleme. Ndayeza kawiri, ndagwira kukamwa, ndati, "Mwe! Buku la boma likuti uyu ndi munkhungu wobadwa nawo, mbava yeniyeni." Nayenso anaseka. Anandiguliranso nthochi.

Loweruka, 9 Juni

Thumba la mpunga lasowa kuchigayo.

Lamulungu, 10 Juni

Potuluka m'tchalitchi ndamva amayi awiri kumbuyo kwanga. "Si uja anamuyeza?" "Eya, akuti zalembedwa m'buku la apolisi." Ndinatembenuka nkuti zinali zocheza amama. Akuti usaope mwanawe, wathandiza anthu.

Lachiwiri, 12 Juni

A Manase, eni chigayo, amuchotsa ntchito Chakufwa. Zaka zinayi akunyamula matumba, ngakhale dzanja limodzi la mpunga silinasowepo. Ana akumutsata mumsewu atakoka makutu awo. Masewera amene ndinayambitsa ine.

Madzulo ndaulula kwa a Stephano. Sanakalipe, bola akanandimenya. Anangotsegula buku lija, kunyowetsa chala, kutembenuza tsamba limodzi. Limodzi lokha! Akuti, "Mphwanga, apa akunena kuti za mzunguyo anazitaya kalekale, zinali zabodza." Kenako anandiwerengera zina. Ena amaba chifukwa cha njala. Ena amatengera anzawo oyenda nawo. Ena anthu amangowatcha akuba, nkuwatsekera zitseko zonse, mpaka kutsala chitseko chimodzi chomwecho. Ndafunsa kuti nanga wopereka dzinalo buku likumutcha ndani? Akuti mutu umenewo sanafikepo.

Dora sakundiyankhula. Ndiwo akuchita kundikankhira ndi phazi.

Lachinayi, 14 Juni

Thumba lapezeka! Akazi a a Manase analitumiza kumaliro ku Lupembe osauza amuna awo. Ndathamanga kuchigayo. A Manase akuti inde, mnyamatayo alibe mlandu, koma azimayi akukana kusiya mpunga wawo iye ali pomwepo. Alemba kale wina.

Ndinaima pamsika nkukuwa kuti ndinanama, bukulo likutsutsa. Anthu kuseka. Telala akuti, "Yayi, iyi ndiye nthabwala yako yoposa zonse."

Lachisanu, 15 Juni

Ndapita kwawo kwa Chakufwa. Ndamupeza akumanga zovala m'chitenje, akuti akayesa ntchito ku Vinthukutu kumene sakumudziwa. Dzuwa lonseli, iye wavala chipewa cha ubweya, chokokera mpaka m'masaya. Nthabwala inabwera yokha pakamwa, ndinaimeza.

Ndinati pepa, Chaku. Ndinati thumba lapezeka, aliyense wamva. Ndinatulutsa ulusi uja m'thumba la kabudula kuti auwotche yekha, kaya andikwapule nawo. Sanaulandire. Anamanga mfundo yake, kuyesa kulemera kwa katundu, nkundiyang'ana koyamba.

"Thumba lapezeka, ndamva. Nanga makutuwa ndikawasiye kuti, Kenan?"