Dothi la M'chitsime Chathu

Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Kuno ku Bangwe tilipo, kungoti amayi miyendo ikuwavutabe.

Chitsime chathu chija chayamba kutulutsa madzi ofiira. Ndikawasiya m'ndowa kuti adikhe, pansi pamatsala dothi losalala ngati ufa. Lachiwiri ndinaitana a Makwinja amene anachikumba aja. Anafikisa dothilo ndi zala, kenako n'kuyang'ana nyumba yathu.

"Dothi ili silikuchokera kuphiri ayi," anatero. "Madzi akulikokolola pansi pa nyumba yanuyi, pang'onopang'ono."

Dzulo ndinapeza mng'alu wolowa chala pakhoma la kuchipinda kwa amayi. Ndawachonderera kuti azikagona kwa azakhali, koma akukanitsitsa. Chonde aimbireni foni, inu amakumverani. Mvula yayandikira, achimwene.

Mulungu akusungeni kumeneko.

Ine mlongo wanu,
Esnart