Mtumizeni Kamphepo Akaphunzire Uzamba

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Nanga mwendo wa bambo uja unaphwa? Ine kuno m'thupi ndili bwino, koma mumtima ayi, ndipo chifukwa chake mukuchidziwa.

Kuchipatala kuno ntchito yachuluka. Makina ochapira anawonongeka sabata yatha, ndiye nsalu za m'chipinda chochilira tikuchapa pamanja, moti zala zanga zasupuka ndi sopo. Koma sindinalembere zimenezo.

Lachiwiri mphunzitsi wa ku koleji ya anamwino anabwera ndi ophunzira ake kuwodi kwathu. Anandipeza ndikukolopa pakhonde, n'kundifunsa chifukwa chimene mng'ono wanga Kamphepo sanabwerere ku mafunso olowera kolejiyo, pamene kalata yomuitana inatumizidwa mwezi watha. Ndinasiya mopu pomwepo n'kutenga foni. Nditaimbira alamu, anandiuza monong'ona kuti kalatayo munalandira ndinu, munatsegula ndinu, n'kuitsekera m'sutikesi pamodzi ndi setifiketi yake. Achimwene, kalata ya mwini! Mwanayo ankapita tsiku ndi tsiku kukafunsa kwa ahedi kusukulu ngati yafika, inu mukumuona, osachita n'komwe manyazi.

Mwanayu anabwereza chaka chathunthu kuti akonze bayoloje ndi masamu. Fomu tinalemba limodzi pa bedi langa. Tinagwirizana kuti ayambe unamwino, akatero awonjezere uzamba, kenako apemphe kukagwira ntchito pa kachipatala ka kwathu komweko, komwe mpaka lero kulibe mzamba. Zonsezo inu mwazikhalira ngati mpando.

Ndamva kuti anakulangizani ndi azakhali. Akuti mtsikana amene sanaberekepo sayenera kuona mnzake akuchira, chifukwa mimba yake imatseka. Akuti umboni wake ndine: zaka khumi ndi chimodzi ndikukolopa m'chipinda chochilira, mwana ndilibe.

Chabwino. Popeza mwandisandutsa chitsanzo, imvani zimene amuna simuuzidwa.

Matenda a uchembere atandiyamba chaka chija, kuchipatala chachikulu kunali ulendo wa ola limodzi. Azakhali ndi anzawo awiri ananditsekera m'nyumba masiku awiri. Mwana atachedwa, anati ndinkayenda ndi amuna ena, ndiye nditchule mayina awo kuti njira itseguke. Ndinalibe womutchula. Tsiku lachiwiri ululu utandikwana, ndinatchula telala wa pamsika uja, munthu woti sanandigwirepo ngakhale dzanja. Mwana sanatulukebe. Pamene ankandifikitsa kuchipatala n'kuti mwanayo atafera kale m'mimba, chiberekero chitang'ambika, ndipo adokotala anachichotsa. Mzamba amene anandilandira anati mwanayo anagona chopingasa, ndipo akanandiona tsiku loyamba akanadziwa pongogwira mimba ndi manja.

Inu anakuuzani kuti chinali chifuniro cha Mulungu, ndipo munavomereza. Ntchito ino ndinaiyamba patapita zaka ziwiri, banja litatha. Ndiye tandiuzani, chinatseka mimba yanga ndi mopu kapena chitseko cha azakhali?

Pa fomu paja panali funso loti n'chifukwa chiyani munthu ukufuna uzamba. Kamphepo analemba kuti ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri anamva mkulu wake akulira masiku awiri kuseri kwa chitseko, popanda wodziwa chochita. Ine sindinkadziwa kuti anamva. Ndinawerenga, n'kutuluka panja kukalira.

Pempho langa ndi limodzi. Mphunzitsi uja wati amene anaphonya mafunso adzamvedwa Lachisanu la sabata yamawa, ndipo likapita limenelo malo ake apatsa wina. Akufuna kalata ija ndi setifiketi yeniyeniyo, osati fotokope. Tsegulani sutikesiyo, mumupatse zonse ziwiri m'manja, mumukweze basi ya Lachitatu m'mawa. Ndikamudikira pa depoti. Paja zengerezu adalinda kwawukwawu. Ndikapanda kumuona akutsika, ndikwera basi yomweyo pobwerera, ndipo zimene ndalemba muno ndidzazinena pabwalo, telala uja ali pomwepo, chifukwa nayenso ndiyenera kumupepesa.

Moni kwa bambo, muwauze asaleke kumwa mankhwala. Moni kwa alamu, ndipo musawakalipire, anangoyankha zimene ndinawafunsa. Moni kwa ana onse. Kamphepo mumuuze atenge nsapato zakuda zija.

Azakhali nawo muwapatse moni. Muwauze kuti mwezi uno mwana uja akanakwanitsa zaka khumi ndi zitatu. Anali wamwamuna, achimwene. Bwenzi pano akukuitanani kuti malume.

Tsalani bwino,
Ndine mlongo wanu wa kutauni.