Timapilitsi Tachikasu ndi Mwana Wanga

Lolemba, 3 Malichi

Kuchipatala kachisanu. Mzere kuyambira pakhomo la adokotala mpaka kunja kwa mpanda. Zilonda za mashingozi zinauma kalekale, uno mwezi wachisanu ndi chiwiri, koma moto wake ayi. Nthiti za kumanzere, kuzungulira mpaka kumsana. Pakhungu palibe choti n'kuonetsa munthu, tizipsera chabe. Koma bulauzi ikangokhudza, ngati wina wandikhuthulira madzi a m'ketulo.

Adokotala a lero achizimayi, osapupuluma. Andilembera timapilitsi tachikasu, kamodzi pogona. "Mukawerenga kapepala kake musadzidzimuke," anatero. "Ndi mankhwala a matenda okhumudwa, koma ochepa chonchi amatontholetsanso mitsempha imene ikungolira yokha." Ndinawafunsa ngati akundiyesa wonama. Akuti ayi, ululuwo ndi weniweni, kungoti ndidikire masabata awiri kapena atatu.

Ndinavomera ndi mutu ngati mwana wa sukulu. Pobwerera misozi yokhayokha. Panado walephera, zopaka zalephera, ndiye tafika pa mutu tsopano.

Kapepalako ndakapinda kanayi, ndakalowetsa mu nsapato yomwe sindivalanso. Kunyumba ndangoti ndi a ululu.

Lachinayi, 6 Malichi

M'kamwa gwaa, lilime ngati thaulo. Kuntchito botolo la madzi pambali pa simbi tsiku lonse. Mnzanga wa pa makina ochapira akuti ndasanduka minibasi yotentha injini, kuthira madzi siteji iliyonse. Ndaseka, nthiti zandilanga.

Nthunzi ya simbi ndiye mdani wanga. Thukuta likatsikira pamalo paja ndimaluma mlomo, makasitomala n'kumaona ngati ndikumwetulira. Majekete asanu ndi atatu, makatani a hotela, diresi la ukwati la munthu amene sanadziwebe kuti thupi limatha kuukira mwini wake.

Pofika kunyumba Kanyerere kuthamanga, manja m'mwamba. Zaka ziwiri ndi miyezi isanu ndi itatu. Dzinali tinam'patsa chifukwa palibe chomwe sakwera: mwendo, mpando, bambo ake, mlendo aliyense. Ine ndimabwerera m'mbuyo, dzanja kutsogolo ngati wapolisi wa pamsewu. Chiyambire Ogasiti sindinam'nyamulepo mwana wanga. Alamu anam'tola n'kumuika m'chiuno.

Alamu. Mchemwali wawo wa bambo ake. Anabwera kudzathandiza masabata awiri, uno mwezi wachisanu. Amasesa, amaphika, amam'sambitsa mwana akuyimba. Akanakhala oipa bwenzi ndili ndi wodana naye. Si oipa, ndiye chondipweteka chimenecho.

Lachitatu, 12 Malichi

Palibe kusintha. Moto uli pomwepo, chaonjezekera ndi tulo. M'mawa mutu ngati adzazamo mchenga wonyowa. Foni inalira katatu osaimva, bambo ake anachita kundigwedeza phazi.

Ndapsereza kolala ya malaya oyera. Zaka zisanu ndi chimodzi ndikusita, sindinapserezepo kanthu ka munthu. Abwana sanakalipe, anangoiyang'ana kolalayo nthawi yaitali. Bola akanakalipa.

Madzulo Kanyerere anagwa pa sitepe, bondo kusupuka. Ine ndinali pomwepo, ndinatambasula manja. Anandidutsa akulira, kulunjika kukhitchini kwa azakhali ake. Ndinatsala chitambasulire ngati chingwe choyanikapo zovala.

Bambo ake akuti, "Ndi mwana ameneyo, asakudandaulitse." Akunena iwo amene akukweredwabe tsiku ndi tsiku.

Lachisanu, 21 Malichi

Ndadzuka nditagonera kumanzere. Kumanzere! Ndinakhala duu, kuopa kupuma, kudikira kuti moto undikumbukire. Ulipo, koma patali, ngati wailesi ya nyumba yoyandikana nayo.

Ndavala bulauzi yothina yomwe ndinaisiya kalekale. Simbi tsiku lonse, mlomo osaluma. Madzulo ndinagwada pamaso pa Kanyerere n'kuti bwera. Anayamba wayang'ana azakhali ake kaye, kenako n'kukwera. Walemera mwana uyu! Ananenepa liti ine ndili pompano? Kuchokera pakhomo mpaka pa mpope, kubwerera, kupitanso. Tsitsi lake kununkhira sopo. Timapazi tikundimenya nthiti, ine kuseka ndi kulira nthawi imodzi. Bambo ake anatijambula pa foni, chithunzi chonse chagwedezeka.

Tulo tokha ndi tomwe sitikuchoka, m'mawa ndimayenda ngati ndili m'madzi. Koma ndani angakadandaule za tulo kuchipatala? Angandilande timapilitsi tanga.

Timapilitsi inu, ndinakunyozani. Pepani.

Lachiwiri, 25 Malichi

Ndilembe basi.

Lero ndimalowa masana. Bambo ake anachoka m'mamawa, alamu anapita kumsika, akuti poti ndayamba kupeza bwino nditsale naye. Ndinakondwa. Tinakhala pabedi, iye akuvula chidole chake n'kuchivekanso. Ndinangoti nditsamire khoma pang'ono.

Chondidzutsa, wina akumenya chitseko cha kuchipinda. Mayi wogulitsa nthochi pa kona, Kanyerere m'manja, phazi limodzi lopanda nsapato. Anam'peza m'mphepete mwa msewu waukulu akubayibitsa malole. Anakoka mpando, n'kutsegula loko yekha. Mayiyo akuti anaitana panja mpaka mawu kusasa, kenako anangolowa. "Mayi, mwamwa?" Anthu pakhomo mbwee.

Ola ndi theka. Sindinamve mpando, sindinamve chitseko, sindinamve kanthu. Nsapato inayo sinapezeke.

Lachitatu, 26 Malichi

Alamu amafunafuna nsapato ya mwana pansi pa bedi, apeza yanga. Ndi kapepala kake.

Sanalalate. Anadikira achimwene awo aweruke, n'kukayala patebulo, kukawongola ndi chikhato. Ine chiimire ngati wogwidwa ndi katundu wa eni. Ndinafotokoza za mitsempha monga ananenera adokotala, koma m'kamwa mouma mawu amatuluka opunduka. Bambo ake anawerenga kutsogolo ndi kumbuyo. "Nanga unabisiranji, ngati ndi a ululu?" Funso labwino. Ndimaopa nkhope yomwe anali nayo pamenepoyo, koma zimenezo ungazinene bwanji.

Alamu mofatsa, "Mlamu, matenda a maganizo si manyazi. Koma mwana." Akuti am'tenge kwawo, ulendo wa maola anayi, mpaka nditakhazikika. Kukhazikika. Ngati ndine tebulo la mwendo umodzi waufupi.

Ndakana. Bambo ake sanavomere, sanakanenso. Kusakana kwawoko ndakumva bwinobwino.

Loweruka, 29 Malichi

Ndasiya, masiku atatu tsopano. Ndinaika paketi patebulo onse akuona, n'kuti tulo tija tinachokera umu, misala mwa ine mulibe. Bambo ake anausa moyo ngati atula katundu. Alamu akuti anamva kuti odwala maganizo amayamba ndi kukana mankhwala. Ndiye ukamwa ndiwe wodwala, ukasiya wadwalitsitsa. Khomo lotulukira lili kuti?

Mutu kuwawa, nseru, tulo tathawa tonse. Koma ndikudzuka woyamba m'nyumba muno. Ndam'sambitsa ndekha, ndam'pesa ndekha, loko ndam'mangirira ndi waya pamwamba. Andione.

Lachinayi, 3 Epulo

Moto wabwerera. Osati monga kale, kuposa, ngati unapita kukaitana anzake. Bulauzi yothina yabwerera m'sutikesi. Ndavala malaya akale a bambo ake, ndikuyenda nditawatsina ndi zala kuti asakhudze khungu.

Kuntchito ndinalowa m'kachipinda kosungira sopo, kukwinya malaya, kuima khungu lili pamtunda mphindi khumi. Mnzanga wa pa makina anandipeza choncho, nthabwala zinam'thera. "Mwana wa amayi, bwerera kuchipatala." Ndibwerere ndikatenge tulo, anditengere mwana?

Kunyumba ndikumwetulira. Ndikum'nyamulabe, kumanja kokha, nditakukuta mano. Ndimawerenga mumtima mpaka makumi awiri n'kumutsitsa. Mayi wanji wowerengera mwana wake masekondi. Ndatopa, ndatopa zedi.

Lamulungu, 6 Epulo

Ndinawerama kutola sipuni. Sipuni chabe.

Kanyerere anachokera kumbuyo akuthamanga, kudumphira pamsana, maondo ake pamalo penipeni. Sindinaganize. Thupi linachita lokha. Ndinakuwa, chigongono n'kum'kankha, iye uko, mlomo pa ngodya ya tebulo. Magazi pa diresi. Bambo ake anali pampando, alamu pakhomo la khitchini. Onse anaona, palibe choti ndifotokoze.

Sanalire msanga. Anayamba wandiyang'ana. Kuyang'ana kumeneko ndidzafa nako.

Am'soka mlomo wam'munsi. Ine sindinapite nawo, ndinatsala ndikupukuta pansi.

Lolemba, 7 Epulo

Asanayambe iwo, ndayamba ine. M'tengeni. Alamu analira, ine ayi.

Ndikamwa ndimagona, iye amapita kumsewu. Ndikasiya ndimakhala maso, n'kum'vulaza ndi manja anga. Mayi wachitatu mwa ine mulibe.

Loweruka, 12 Epulo

Ndasita tizovala take tonse, ndi timasokosi tomwe. Ndicho chokha chimene ndimatha. Kudepoti anali ndi chisangalalo chokwera basi, mlomo wotupa, bisiketi m'manja. Anandibayibitsa pawindo osadziwa kanthu. Basi inanyamuka pa nthawi yake, koyamba chilengedwere dziko.

Kunyumba mpando uli pomwe ndinausiya. Palibe waukoka.

Lachitatu, 16 Epulo

Kwa adokotala aja. Ndinawauza zonse, za msewu, za tebulo, za kudepoti. Anavula magalasi. "Mukanabwera sabata yoyamba ija." Akuti tulo totere n'todziwika. Theka la kapilitsi, kumwa dzuwa likamalowa osati pogona, m'mawa mutu umakhala utayera. Zikakanika amasintha mtundu. Ndiponso mankhwalawa sasiya mwadzidzidzi.

Theka. Kungothyola ndi chikhadabo. Mwana wanga ali kutali maola anayi chifukwa cha chinthu chothyola ndi chikhadabo, ndi chifukwa choti ine ndinachita manyazi kufunsa. Ndinakhala pa benchi ya panja mpaka wosesa anandipempha kuti ndikweze mapazi.

Anandifunsanso ngati ndikudya, ngati ndimalira kawirikawiri, ngati ndimaona moyo kutha phindu. Ndinaseka. Pachiyambi matenda a pa kapepala aja ndinalibe. Tsopano sindikudziwa. Andilembera tsiku lokacheza ndi mlangizi wa pachipatalapo. Bambo ake ndawauza ndisanavule nsapato.

Lamulungu, 11 Meyi

Sindinalembe. Ndilembe chiyani? Ntchito, msewu, bedi.

Theka lija likugwira. Moto watsika, ndikugonera mbali iliyonse, ndikudzuka foni isanalire, mutu mbee. Msana wabwinobwino wopanda woukwera. M'nyumba muli zii, sipuni ikagwa imamveka mpaka panja. Pa foni Kanyerere amangopumira, kenako kuthawa, alamu n'kumati akusewera.

Bambo ake akuti tidikire mwezi wina tione. Tione chiyani? Ndawauza kuti Lamulungu likudzali ndikupita, ndi iwo kapena ndekha.

Lamulungu, 18 Meyi

Ndikulembera m'basi, zilembo zikudumpha. Ndinapita ndekha.

Watalika. Kachipsera pamlomo, koyera, kakang'ono. Alamu am'samala, tisanamizane, masaya adzaza. Atandiona pa geti anathamanga, anathamanga ndithu, akukuwa "Amama!" Ndinataya chikwama, kugwada pabwalo, manja onse awiri.

Anaima. Mapazi awiri kuchokera pa ine, anaima ngati wagunda galasi. Manja n'kuwapinda kumbuyo. "Amama osagwira. Amama akupweteka." Kunena monyadira, akuyang'ana azakhali ake kuti am'yamikire. Alamu anagwira pakamwa. Akuti ankam'phunzitsa tsiku ndi tsiku, kuti akadzabwerera asadzandivutitse. Ankafuna kundithandiza. Ndikudziwa.

Ndinati ndachira, bwera, kwera. Ndinadzimenya nthiti ndi chikhato kuti aone. Anapukusa mutu. Tsiku lonse anakhala pafupi nane, kundionetsa chidole, kundipatsa bisiketi, kuiika pa bondo langa mosamala kuti chala chake chisandikhudze. Mwana wa zaka zitatu zosakwana.

Ali pano. Alamu analongedza okha chikwama, sindinapemphe kawiri. Wakhala mpando wa pawindo, wadzipanikiza kukhoma la basi, pakati pathu mpata woti n'kukhalapo mwana wina. Tulo tayamba kum'gwira. Mutu ukupendekera kuno, kumanzere kwanga, kenako amadzidzimuka n'kuwongoka. Kachitatu tsopano. Ine sindikusuntha, cholembera chokha. Ukupendekeranso