Alamu Asiya Kufunsa za Inu

Chinamwali, Zomba

Okondedwa achimwene a Shafik,

Ndikhulupirira muli bwino kuchilumbako. Kuno tiliko, kungoti chaka chino kwazizira kwambiri. Kalatayi ndapatsira anzanu a Daudi, amene akubweretsa makamera otsala aja, poti foni yanu sikupezeka.

A Daudi atiuza kuti azungu anu a filimu sanayambebe kujambula chifukwa chilolezo sichinatuluke, ndipo katundu wina akadali padoko. Ndiye kuti mwezi unonso simubwera? Pochoka munati mukungokawanyamulira zida, mubwerera mvula isanagwe. Mvula inagwa, chimanga takolola.

Ababa akamva galimoto ikutsika msewu wa kuphiri amatuluka panja, ati mwina ndi inu. Anzanu ogulitsa sitiroberi kumtunda kuja amandiimitsa n'kufunsa, “Kodi bwana wa mafilimu uja abwera liti?” Ine ndimangoseka. Pakhomo pano pali zii, ndasowa ngakhale wokangana naye.

Akazi anu, alamu a Ummi, ali bwino. Kale ankandifunsa m'mawa uliwonse ngati mwaimba, koma masiku ano asiya. Amalume awo abwera kawiri kuchokera ku Jali, ndipo anakhalitsa pakhonde ndi ababa. Ine anandituma kuchigayo, ndiye zimene anakambirana sindinamve. Dzulo ndinapeza alamu akuchapa chikwama chawo chachikulu chija. Nditafunsa anangoti, “Chinachita fumbi.”

Alamuwo sindinawauze kuti ndikukulemberani. Ngati kubwera kwavutadi, bwerekani foni kwa anzanu muimbe. Koma musaimbire ine, achimwene, muimbire iwowo.

Ndine mlongo wanu,
Sumaya